Zomwe anayankhula ativista pa msonkhano wa zaumoyo ku Ulongué: HIV ndi amuna ogonana ndi amuna anzawo

Zikomo a mfumu, zikomo azibambo ndi azimayi nonse, inunso anyamata mwatsamira njinga kumbuyo uko tasunthirani kuno, lero tilibe zokuzira mawu. Ana tawauza kale apite ku mpira ndiye tatsala akuluakulu okhaokha. Mundikhululukire pakamwa panga, zina ndizitchula mosabisa chifukwa kuzungulira kwatiphera anthu ambiri.

Nkhani yake ndi ya amuna ogonana ndi amuna anzawo ndi mmene kachilombo ka HIV kamayendera pakati pawo. Eee ndaona kale, ena mwaweramitsa mitu ena mukuseka. Sekani koma makutu akhale kuno. Sindinabwere kudzaweruza munthu, za tchimo muli nawo abusa ndi ansembe anu, ine yanga ndi ya magazi basi. Ndipo musati izi nza ku Maputo kapena za azungu ayi, zimachitika ku ndende, m'makampu a ntchito cha ku Moatize, m'masukulu ogonera konko, pa malo oima malole ngati ku Zóbuè, ena chifukwa cha ndalama, ena mokakamizidwa, ena ndi mmene mtima wawo ulili basi. Ambiri mwa iwo ali pa banja, ali ndi ana, madzulo amabwerera kwa akazi awo. Ndiye amayi musati nkhani iyi sikukukhudzani. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti anthu 12.5 pa 100 aliwonse azaka 15 kupita mtsogolo muno mu Mozambique ali ndi kachilombo, ndiye palibe khomo limene lili kutali ndi nkhaniyi.

Za lamulo ndinene kamodzi ndidutse. Kuyambira 2015 lamulo lathu latsopano la milandu siliwerenganso kugonana kwa amuna akuluakulu awiri ogwirizana ngati mlandu, palibe enfermeiro, namwino wa ku chipatala, amene angakuitanireni apolisi. Koma mukawoloka pa Calómuè kupita ku Dedza mwalowa dziko lina, ku Malawi lamulo lakale lidakalipo ndipo chilango chimatha kufika zaka 14. Kukakamiza munthu kapena kugona mwana, uwo ndi mlandu kulikonse, mbali zonse ziwiri za malire.

Tsopano pa chiopsezo penipeni. Anthu amaganiza kuti kugonana ndi kumodzi, ukangokhudzana ndi munthu wa kachilombo basi watenga. Sizili choncho. Bungwe la zaumoyo la ku America lotchedwa CDC linawerengetsera, kuti munthu wopanda kachilombo akagona ndi amene ali nako, wosamwa mankhwala, popanda kondomu, pa maulendo 10,000 aliwonse ndi kangati kamene kachilombo kamadutsa. Mwamuna amene akulowedwa kumbuyo, njira ya chimbudzi ija, ndi 138. Amene akulowa ndi 11. Mkazi wogonedwa kutsogolo mwa masiku onse ndi 8, mwamuna wake 4. Mwamva kusiyana kwake? 138 ndi 8. Wolandira kumbuyo chiopsezo chake chikuposa cha mkazi ka 17, ndipo palibe njira ina ya kugonana yoposa imeneyi. Izi sizisankha kuti wolandirayo ndi mwamuna kapena mkazi, mabanja ena amachita zimenezi pothawa mimba, atsikana ena poteteza unamwali, chiopsezo ndi chachikulu chimodzimodzi.

Chifukwa chake nchapafupi. Mkati mwa njira ya chimbudzi khungu lake ndi lopyapyala kwambiri, komanso mulibe madzi oterera ochuluka ngati amene thupi la mkazi limatulutsa lokha, ndiye pakakhala kukhulana limang'ambika, timabala tating'ono toti simungatione ngakhale magazi osatuluka. Pansi pa khungu limenelo mpamene pali maselo ambiri a chitetezo cha mthupi amene kachilombo kamawasaka. Umuna ukathiridwa mmenemo umakhalitsa. Wolowayo naye asadzinamize kuti ine ndine mwamuna pamenepa sindingatenge, 11 uja si ziro, kachilombo kali mu chinyezi cha kumbuyoko ndi m'magazi, kamalowera pa kabowo kokodzera, mkati mwa khungu la kunsonga ngati sanadulidwe, kapena pa chilonda chilichonse. Ndiye pali chinthu china chimene anthu sachiganizira, pakati pa amuna munthu mmodzi yemweyo lero akhoza kukhala wolandira mawa wolowa, ndiye amatenga pa njira yosavuta kutengera, nkukapatsira wina pa njira yosavuta kupatsira. Nchifukwa chake m'kagulu kakang'ono kachilombo kamathamanga.

Za mkamwa chiopsezo nchochepa kwambiri, chimakwera pang'ono ngati muli zilonda mkamwa, nkhama zikutuluka magazi kapena umuna wathiridwa mkamwa. Koma chindoko ndi chinzonono zimadutsa bwinobwino pamenepo. Kupsopsonana, kugwirana ndi manja, pakati pa ntchafu popanda kulowa, HIV siyenda mmenemo. Kudyera mbale imodzi, kugona mphasa imodzi, ayi ndithu, izo tinamaliza kalekale.

Wina akuwerenga mumtima kuti 138 pa 10,000 ndiye kuti kamodzi pa maulendo pafupifupi 70, aaa ndili ndi mpata. Achimwene musawerenge choncho. Nambala ija ndi ya pakatikati, alipo amene anatenga tsiku loyamba lenileni. Chimene chimakweza kapena kutsitsa nambala ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi a mnzanuyo, kuja ku chipatala amalemba pa kartau kuti carga viral. Munthu amene wangotenga kumene, masabata oyambirira, kachilombo kamakhala kochuluka zedi pomwe iye akuoneka wonenepa bwinobwino, mwina anangomva kutentha thupi ndi zilonda zapakhosi nkumati ndi malungo, ndipo akayezedwa ndi tiziyezero tathu tachangu tija akhoza kuoneka alibe. Ameneyo ndi woopsa kuposa amene mumamunena m'mudzi kuti amakatenga ma ARV. Ndikubwereza chifukwa apa mpamene timalakwitsa tonse. Amene akumwa TARV, ma ARV aja, tsiku lililonse mpaka carga viral yake yatsika osaonekanso, sapatsira mnzake pogonana. Ku Europe kunachitika kafukufuku wotchedwa PARTNER2, zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anatsatira mabanja a amuna okhaokha oposa 700, wina ali ndi kachilombo ndipo akumwa mankhwala carga viral ili pansi pa 200, winayo alibe, anagonana popanda kondomu maulendo oposa 76,000 ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anatenga kuchokera kwa mnzakeyo. Koma mawu oti ndikumwa mankhwala si umboni, umboni ndi pepala la carga viral, ndipo zimatenga miyezi mpaka 6 munthu atayamba kumwa kuti ifike pansi.

Bambo mwakweza dzanja. Mwati nanga mdulidwe? Funso labwino. Mdulidwe umachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 60 pa 100 kwa mwamuna amene akugona ndi mkazi. Pakati pa amuna ukhoza kuthandizako wolowayo, koma wolandira sumuteteza nkomwe, mdulidwe uli kutsogolo, khomo la kachilombo lili kumbuyo. Basi sekani, koma mwamva.

Kondomu iyi ndanyamula, kaya ya ulere ya ku chipatala kaya Jeito ya pa baraka zonse zimagwira. Onani tsiku pa paketi, mukadina imveke kuti muli kampweya, ikakhala yophwa yokhalitsa m'thumba la kumbuyo la thalauza itayeni. Ng'ambani ndi zala osati mano, tsinani kansonga aka, kenako tambasulani mpaka pansi. Ivalidwe musanayambe, osati pakati pa ulendo, chifukwa timadzi toyamba tija natonso timakhala ndi kachilombo. Ndiye pa nkhani ya kumbuyo kondomu yokha sikwanira, pamafunika gel woterera wopangidwa ndi madzi, timasasheti ngati iti, apo ayi imaphulika. Chimene ndikukuletsani ndi Vaseline, mafuta ophikira, mafuta odzola a m'botolo, zonsezi zimadya mpira wa kondomu mphindi zochepa yafooka. Malovu amauma msanga. Kuvala awiri si nzeru, amakhulana okhaokha nkung'ambika. Ndipo tisanamizane, makondomu ambiri amaiwalika chifukwa cha kachasu osati chifukwa chosowa.

Tsopano tinene kuti zachitika, kondomu yaphulika, kapena panalibe, kapena munthu wagwiriridwa, inde amuna nawonso amagwiriridwa ndipo amafa nazo mumtima. Pali mankhwala otchedwa PPE, anzathu a ku Malawi amati PEP, ndi ma ARV omwewa koma amamwa munthu amene alibe kachilombo, kwa masiku 28. Ayambidwe pasanathe maola 72, ndipo tsiku loyamba ndiye labwino kuposa lachitatu. Zikachitika Lachisanu usiku musadikire Lolemba kuti ndione kaye, pitani ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi ku chipatala, Loweruka m'mawa. Mukafika enfermeiro adzakufunsani zinachitika liti, munali wolowa kapena wolandira, panali kondomu, umuna unathiridwa mkati, panali magazi kapena zilonda, mnzanuyo mukudziwa mmene alili. Mafunso awa si achipongwe, ndi mmene amayezera kukula kwa chiopsezo. Vuto nlakuti mnyamata amafika nkunena kuti ndinagona ndi mtsikana, manyazi, ndiye amamuyang'ana kutsogolo kokha pomwe chinzonono chili kumbuyo kapena pakhosi, kumene nthawi zambiri sichionetsa chizindikiro chilichonse, ndipo matenda ngati amenewo pamodzi ndi chindoko ndi mabomu amatsegulira HIV njira. Inunso anzanga a zaumoyo muli pano ndikuuzeni pamaso pa a mfumu, munthu akakuululirani ndiye inu nkuyamba kulalikira kapena kukanena pa msika, sabweranso, ndipo amene mwamupweteka ndi mkazi wake kunyumba. Mukakumana ndi wotero pa chipatala pemphani kuonana ndi wina, muli ndi ufulu. Liliponso bungwe la Lambda limene limayankhulira anthu ogonana ndi amuna kapena akazi anzawo muno m'dziko mwathu.

Amene mukudziwa kuti izi sizochitika kamodzi, kondomu imakuvutani, kapena simudziwa za anzanu, funsani PrEP. Ndi piritsi limodzi pa tsiku kwa munthu amene alibe kachilombo, likamwedwa mosadumphitsa limateteza pafupifupi 99 pa 100 pa nkhani ya kugonana, ndipo kwa wolandira kumbuyo chitetezo chimakwana pakatha masiku 7 akumwa. Amayamba akuyezani kaye, ndiye mumabwerera kukayezedwa miyezi itatu iliyonse. Chindoko siiteteza, ndiye kondomu musaitaye.

Mayi uko mwafunsa kuti mukakayikira amuna anu mutani. Mayi, musayambe ndi kufufuza foni, yambani ndi magazi anu. Kayezetseni, ngati alola mupite awiri, ngati akana pitani nokha, PrEP ndi ya akazinso. Zotsatira zikatuluka kuti mulibe koma chokayikitsacho chachitika posachedwa, mubwererenso pakatha miyezi itatu chifukwa tiziyezero tija timachedwa kuona kachilombo katsopano. Zikatuluka kuti muli nako, mankhwala amayambidwa tsiku lomwelo, ndi aulere, ambiri masiku ano ndi piritsi limodzi la TLD pa tsiku.

A mfumu nthawi mwandipatsa yatha. Oyeza ali m'kalasi yachiwiri ija ya chitseko chobiriwira mpaka 4 koloko, amalowa mmodzimmodzi ndipo amayezanso BP ndi shuga ndiye palibe adziwe chimene mwalowera. Makondomu ndi gel zili mu katoni pakhomo pomwepo, tengani osalembetsa dzina. Anyamata awiri mundithandize kubweza mabenchi a sukulu.