Makalata a omvera: mlingo wa mankhwala impso kapena chiwindi zikafooka

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Bangula. Iwo akuti: "Bambo anga ali ndi vuto la impso, miyendo imawatupa. Atadwala matenda a m'chikhodzodzo anapatsidwa cipro, koma anauzidwa kuti azimwa kamodzi pa tsiku. Ine nditadwala zomwezo ndinkamwa kawiri. Kodi mankhwala anachepa? Tiwaonjezere tokha?"

Mayi, chonde musaonjezere ngakhale m'bulu umodzi. Adokotala sanawamane bambo anu. Munthu akamwa cipro, gawo lalikulu limatuluka ndi mkodzo kudzera mu impso. Impso zikafooka, mankhwalawo amachedwa kutuluka, moti m'bulu wa m'mawa umakhala ukadali m'magazi mpaka usiku. Mukaponyapo wina amaunjikana, ndipo bambo anuwo akhoza kusokonezeka mutu kapena kuyamba kugwa ngati akhunyu. N'chifukwa chake adokotala amayeza creatinine m'magazi, chinthu chosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, n'kuonanso zaka ndi sikelo ya wodwala asanalembe mlingo. Bactrim nayenso amachepetsedwa chimodzimodzi. Jakisoni wa gentamicin ndiye woopsa kwambiri, chifukwa amatha kuwonjezera kuwononga impsozo ndi kugonthetsa makutu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuno ku Chigwa cha Shire ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Munthu wodwala, thukuta lili kamukamu, mwina akutsegulanso m'mimba, impso zimalefuka msanga. Koma poti bambo anu amatupa, funsani adokotala kuchuluka kwa madzi oti azimwa. Brufen ndi diclofenac wa pagolosale ayi. Kabuku kawo ka kuchipatala muzikanyamula paliponse, ndipo muziyamba ndinu kunena kuti ali ndi vuto la impso, musadikire kufunsidwa.

Ina yachokera ku Ngabu: "Mwamuna wanga ali mwezi wachiwiri pa mankhwala a TB. Maso achita chikasu, akusanza, mkodzo wada ngati tiyi."

Mayi, iyi si yodikira tsiku lolembedwa m'kabuku. Mwa mankhwala 4 amene amamwa miyezi 2 yoyambirira, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide amatha kupweteka chiwindi, makamaka kwa omwa kachasu kapena odwala matenda a chiwindi a hepatitis B. Rifampicin amafiiritsa mkodzo, zimenezo n'zodziwika, koma maso achikasu ndi kusanza ndi chizindikiro cha chiwindi. Apititseni kuchipatala lero lomwe, mankhwala onse ali m'manja, ndi azitsamba omwe ngati akumwa.