Viza ya 491 ya ku Australia: kulowera kudzera m'zigawo

Zikomo abale ndi alongo chifukwa chobwera. Ambiri mukamva za Australia maganizo amathamangira ku Sydney, pomwe mwayi wa anamwino, mainjiniya ndi amisiri uli m'zigawo zina. Viza ya 491 ndi ya anthu aluso ofuna kukakhala ndi kugwira ntchito m'zigawo zimenezi, ndipo ndi ya zaka 5. Amasankha anthu potengera mapointi a msinkhu, Chingerezi ndi luso. Boma la chigawo, monga South Australia kapena Tasmania, likakusankhani mumawonjezeredwa mapointi 15. Viza ya 190 imawonjezera 5 okha, ngakhale kuti imeneyo imapereka chilolezo chokhazikika nthawi yomweyo. Ndipo musaganize kuti akutumizani kutchire ayi. Mizinda ya Adelaide ndi Perth ili m'gulu la madera ovomerezeka pa vizayi. Kunja kwa gululi kuli Sydney, Melbourne ndi Brisbane basi.

Yambani ndi kupimitsa luso lanu ku bungwe lounika maphunziro ndi luso pa ntchito yanu. Anamwino amapita ku ANMAC, mainjiniya ku Engineers Australia, amisiri ambiri ku TRA. Kenako Chingerezi: pamayeso a IELTS, 6 pagawo lililonse imangokulowetsani pakhomo, 7 imapereka mapointi 10, 8 imapereka 20. Mukhale osakwana zaka 45, mapointi afike 65 kapena kuposa. Zikatero mumalembetsa EOI (fomu yosonyeza kuti mukufuna viza) mu SkillSelect, tsamba la boma la Australia la pa intaneti, kwaulere, n'kutsatira ndondomeko ya chigawo chomwe mukufuna, chifukwa chilichonse chili ndi mndandanda wake wa ntchito.

Apa ndiye mvetserani bwino. Mukaitanidwa kuti mupemphe viza muli ndi masiku 60 okha otumizira pempholo, ndipo pointi iliyonse munalemba iyenera kukhala ndi umboni. Anthu amalemba kuti agwira ntchito zaka 8, koma kalata ya abwana sikunena ntchito zomwe ankagwira, maola kapena malipiro. Ntchito imawerengedwa ngati inali yolipidwa, maola osachepera 20 pa sabata. Umboni ukasowa viza imakanidwa, ndalama osabwezedwa. Sonkhanitsani mapepala a malipiro musanalembetse, chonde. Zaka nazo zimathamanga: ukakwanitsa 33, mapointi a msinkhu amatsika kuchoka pa 30 kufika pa 25.

Mukafika, inu ndi banja lonse muyenera kukhala, kugwira ntchito ndi kuphunzira m'madera ovomerezeka. Kusamukira ku Sydney chifukwa kuli achibale n'kuphwanya lamulo la viza. Pakatha zaka 3 mumapempha viza ya 191, yokhazikika, ndipo adzafuna makalata a msonkho ochokera ku ATO, ofesi ya msonkho ya ku Australia, a zaka zitatuzo. Sunganinso mapangano a lendi ya nyumba. Ngati mukufuna wokuthandizani, onani kaye ngati dzina lake lili m'kaundula wa OMARA, ofesi ya boma yolembetsa othandiza anthu pa nkhani za viza, musanamupatse ndalama.