Makalata a Omvera: Musanapereke Ndalama ya Nyumba

Takulandirani omvera nonse, a m'makomboni ndi a kumayadi omwe. Makalata ambiri sabata ino akufunsa zogula nyumba muno mu Lusaka. Tiyambe ndi amayi a ku Chawama, amene alemba motere:

"Ndakhala pa lendi zaka zambiri ndi ana anga. Ndimagulitsa salaula ku Soweto Market, ndipo ndasungako kandalama. Ndapeza nyumba ya zipinda zitatu ku Kanyama, mtengo wake ndi wabwino ndithu. Wogulitsa akuti inali ya malemu atate ake, ndipo akufuna theka la ndalama sabata ino chifukwa pali enanso akuifuna. Kodi ndipereke?"

Amayi, musapereke, chonde. Ndalama imeneyo mwaipeza podzuka mbandakucha kukatsegula mabelo, dzuwa ndi fumbi zikuthera pa inu. Mawu oti "pali enanso akuifuna" asakuthamangitseni mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nyumbayo ndi ya malemu. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, nyumba imakhala ya mkazi wamasiye ndi ana onse pamodzi, osati ya mwana mmodzi yekha. Ngakhale amene khoti linamuika kukhala woyang'anira chuma cha masiye sangangogulitsa mwa iye yekha, amayenera kupeza chilolezo cha khoti. Tsono muuzeni akuonetseni mapepala awiriwo, losonyeza kuti khoti linamusankha, ndi lomulola kugulitsa. Mupemphenso kuti mukaonane ndi amayi ake ngati ali moyo, komanso abale ake, mumve pakamwa pawo kuti akuvomereza. Akayamba kuzembazemba, kuti mlongo wanga ali ku Kitwe, foni yake sikugwira, bwererani ndi ndalama yanu kunyumba. Zimachitika kuti munthu wagula, wapaka penti, wasamukiramo, kenako ana ena a malemu n'kutulukira ndi masamoni.

Mufunsenso kuti nyumbayo ili ndi pepala lanji. Nyumba zambiri za m'makomboni zili ndi occupancy licence (chilolezo chokhala pamalopo) ya zaka 30 yochokera ku Lusaka City Council, pomwe title deed (pepala la umwini wa malo) ya ku Unduna wa za Malo imakhala ya zaka 99. Ngati ndi ya khonsolo, pitani naye limodzi ku Civic Centre, kumaofesi a khonsoloyo, mukaone ngati dzina la m'kaundula likufanana ndi la pa pepala lomwe wagwira.

Ndiye pali madzi. Kanyama ili pa thanthwe, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa yambiri sakhala ndi kolowera. Nyumba yooneka bwino mu Okutobala ingathe kumira mu Febuluwale. Mukapitanso, yang'anani khoma cha m'munsi ngati pali mzere wa matope kapena pulasitala wofufuma. Onani pakhomo ngati anamangapo kakhoma kotchinga madzi, kapena ngati kuseri kwaunjikidwa masaka a mchenga. Suzumirani m'chimbudzi, ndipo muone kutalikirana kwake ndi pomwe anthu amatunga madzi. Tonse tikukumbuka kolera wa 2017 mpaka 2018, ndi uja wa 2023 mpaka 2024 amene anachititsa kuti Heroes Stadium isanduke chipatala. Sindikunyoza Kanyama ayi, kumakhala anthu olimbika, ndipo malo ena kumeneko ndi ouma bwino. Koma amene angakuuzeni zoona ndi mayi wogulitsa tomato pafupi ndi nyumbayo, osati wogulitsa nyumba.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mphunzitsi wachinyamata wa ku Matero. Iye akuti: "Ndaona puloti yotsika mtengo pa Facebook, cha ku Chongwe. Akuti andipatsa kalata ya amfumu a m'mudzi. Ndikufuna nditenge ngongole kuti ndimange."

Mphwanga, kalata ya amfumu a m'mudzi si title deed. Malo amenewo ndi a chikhalidwe, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo kuti asanduke a lizi, okhala ndi title deed, pamafunika chilolezo cha mfumu yaikulu ya deralo, kenako khonsolo ya Chongwe, kenako Commissioner of Lands wa ku Unduna wa za Malo. Ulendo wake ndi wautali, ndipo wobwereketsa ndalama za nyumba, kaya ndi banki kaya Zambia National Building Society, adzafuna title kuti ikhale chikole. Kaime pamalopo ndi mapazi ako, uone mabikoni, ufunse oyandikana nawo ngati puloti yomweyo sinagulitsidwe kale kwa wina. Uone pomwe pali pholo lomaliza la ZESCO, ufunse kuti madzi amatunga kuti, chifukwa kukumba borehole ndi ndalama inanso. Ndiponso tsiku lina la ntchito ukakwere minibasi kumeneko 6 koloko m'mawa, ulowe m'tauni kudzera Great East Road, uone nthawi imene ungafikire kusukulu kwako. Mtengo wa thiransipoti wa mwezi wonse uuphatikize pa mtengo wa pulotiyo.

Abambo a ku Chilenje afunsa mwachidule: "Tagwirizana kale mtengo, nyumbayo ili ndi title. Msonkho alipira ndani, ndipo loya ndi wofunika?"

Abambo, msonkho wosinthira umwini wa nyumba, Property Transfer Tax ya ku ZRA, amalipira ndi wogulitsa. Loya mutengeni wanuwanu, musadalire wa mnzanuyo. Iye akafufuze ku Lands and Deeds Registry, kosungira kaundula wa malo, ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki kapena kutsekedwa ndi caveat (chiletso choikidwa ndi wina amene akuti malowo akumukhudza), alembe mgwirizano wogulitsana, ndipo aonetsetse kuti chilolezo cha boma chosinthira umwini chatuluka musanamalize kulipira. Muonenso malisiti a ground rent (lendi ya malo yolipira ku boma), a maleti a khonsolo ndi a madzi, kuopa kulowa m'nyumba pamodzi ndi ngongole za eni ake akale.

Nthawi yatithera. Amayi a ku Chawama, mukapita ku Civic Centre mutilemberenso, tikufuna kumva zomwe mwakapeza. Kalata ya agogo a ku Kabwata, yofunsa zogawira ana nyumba akadali moyo, tiiwerenga sabata yamawa.