Zimene Namwino Amayeza Musanaonane ndi Dokotala

Moni kwa nonse amene mukuonera muli ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ndi madera ena a kum'mawa kuno. Mukafika ku kiliniki ya kwanu kapena ku Chipata Central Hospital, namwino amayamba wayeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi BP (kuthamanga kwa magazi), ndipo manambala amene amalembawo ndi amene amasonyeza wodwala woyenera kulowa msanga.

Tiyambe ndi kutentha kwa thupi. Munthu amene ali bwino, thupi lake limakhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Makolo ambiri amangogwira mwana pamphumi n'kunena kuti watentha, koma dzanja silingasiyanitse 38 ndi 40, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene aliyense amakhala akumva kutentha. Ikani nsonga ya thermometer, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, pakati penipeni pa khwapa louma, yokhudza khungu osati malaya, ndipo mugwire mkono wa mwanayo mothinikiza kufikira kachipangizoko katalira. Popeza m'khwapa mumaonetsa nambala yotsikirapo poyerekeza ndi mkati mwa thupi, azaumoyo amati mwana watentha thupi nambala ikafika 37.5. Kuno kwathu, makamaka nyengo ya mvula, maganizo amathamangira ku malungo, koma kutentha thupi kumabweranso ndi chibayo, chikuku kapena matenda a m'khutu, choncho magazi ayezedwe kaye mankhwala a malungo asanaperekedwe. Kwa khanda losakwana miyezi 2, kuzizira n'koopsanso: likatsika pansi pa 35.5, pitani nalo kuchipatala nthawi yomweyo, mutalifungata pachifuwa khungu ndi khungu.

Kapumidwe ndi kamene anthu amakanyalanyaza kwambiri, chonsecho kuyeza kwake kumangofuna maso ndi wotchi, ngakhale ya pa foni. Dikirani mwana akhale phee, osalira kapena kuyamwa, vundukulani chifuwa chake, ndipo muwerenge kuti chikukwera kangati pa mphindi yathunthu. Musawerenge theka la mphindi n'kuwirikiza, chifukwa makanda amapuma modukizadukiza. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati khanda losakwana miyezi 2 likupuma mofulumira likafika ka 60 pa mphindi. Wa miyezi 2 mpaka 11, ka 50. Wa chaka chimodzi kufikira zaka 5, ka 40. Ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati pamene mwana akukoka mpweya, musadikire kuti kuche. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi.

Mtima wa munthu wamkulu amene wapumula umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo mungaumve poika zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu.

BP ndiyo imanamiza ambiri, pakuti imatha kukwera munthu osamva kupweteka paliponse. Musanayezedwe khalani pansi kwa mphindi 5, mkono utatsamira patebulo, ndipo musalankhule makina akamafinya. Nambala ikamafika 140 pa 90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti ndi yokwera. Kwa amayi oyembekezera, BP yotere ikabwera limodzi ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kutupa nkhope, apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku la sikelo.