Martha Ballard: mzamba wa ku Maine ndi mzere wa banja lake

[Chithunzi: tsamba la buku lolembedwa pamanja]

Moni nonse. Pa 1 Januwale 1785, mayi wina wa ku Hallowell, ku Maine m'dziko la America, m'mbali mwa mtsinje wa Kennebec, adayamba kulemba zomwe wachita tsiku lililonse. Sadaleke kufikira mu Meyi 1812, mwezi womwe adamwalira ali ndi zaka 77. Dzina lawo ndi Martha Ballard, mzamba, ndipo m'zakazo adachiritsa amayi ka 816.

[Mapu a Massachusetts ndi Maine]

Adabadwira ku Oxford, Massachusetts, mu 1735, ali Martha Moore. Mu 1754 adakwatiwa ndi Ephraim Ballard, woyendetsa chigayo komanso woyeza malo. Mu 1777 banja lidasamukira ku Maine, komwe panthawiyo kunali mbali ya Massachusetts. Boma lakelake kudakhala mu 1820.

Ofufuza mzere wa makolo, apa tcherani khutu. Mkazi wa nthawi imeneyo akakwatiwa, dzina la kwawo linkazimirira, ndipo malo, misonkho ndi ngongole zinkalembedwa m'dzina la mwamuna. Mukatsata mabuku a boma okha, mupeza Ephraim paliponse, mkazi wake osaoneka. Msampha wina ndi mayina obwerezabwereza. Amayi awo a Martha anali Dorothy, mchemwali wawo Dorothy. Mwa ana asanu ndi anayi a Martha, atatu adamwalira mu 1769 ndi nthenda yotseka kukhosi ya diphtheria, mmodzi mwa iwo Dorothy. Mwana wamkazi wobadwa mu 1772 adamupatsanso dzina lomwelo, ankamuitana Dolly. Mukapanda kuika chaka chobadwa pambali pa dzina lililonse, anthu anayi asanduka mmodzi.

[Chithunzi: bwato pamtsinje]

Ntchito yake inkayenda chonchi. Akawaitana, usana kaya usiku, ankapita pa kavalo kapena kuwoloka Kennebec pa bwato, ndipo nthawi yozizira ankayenda pamwamba pa madzi oundana. Choopsa kwambiri chinali pamene madziwo ayamba kusungunuka: bwato silidutsa, phazi silikhulupirika. Matenda akakula, ankaitanitsa amayi oyandikana nawo kuti adzathandize. Malipiro ake nthawi zambiri anali masheleni asanu ndi imodzi, kapena katundu monga tirigu ndi nsalu. Mankhwala ambiri ankachokera m'dimba lawo lomwe. Amayi asanu adamwalira m'masiku otsatira kuchira, koma palibe amene adafera m'manja mwawo pobereka. Kwa nthawi yopanda mankhwala opha tizilombo, zimenezi n'zoyenera ulemu.

Lamulo linkawapatsanso udindo wolemera. Mayi wa mimba yapathengo ankafunsidwa ndi mzamba, ululu uli pachimake, kuti atchule mwini mimba, poganiza kuti panthawi yotero munthu sanama. Mu 1791 Sally Pierce adatchula Jonathan, mwana wa Martha yemweyo. Martha adalemba dzinalo m'buku lawo osabisa. Chaka chotsatira awiriwo adakwatirana.

Ukalamba sudawakomere. Mu 1804 Ephraim, akuyandikira zaka 80, adatsekeredwa m'ndende chifukwa ndalama za msonkho zomwe adatumidwa kutolera zidaperewera. Iye ali komweko, Jonathan ndi banja lake adasamukira m'nyumba ya makolo, Martha n'kutsala ndi chipinda chimodzi.

[Chithunzi: mtengo wa banja]

Tsatirani nthambi ziwiri izi. Mchemwali uja Dorothy adakwatiwa kwa a Barton, ndipo mdzukulu wake ndi Clara Barton, amene adayambitsa American Red Cross mu 1881. Buku lija lidasungidwa ndi ana aakazi ndi zidzukulu kufikira mu 1884, pomwe lidaperekedwa kwa Mary Hobart, mdzukulu wa mdzukulu wa Martha, atangomaliza maphunziro a udokotala. Mu 1930 iye adalipereka ku Maine State Library, mumzinda wa Augusta, komwe lili mpaka lero.