Malole Akale a ku Britain: Kodi Eddie Stobart Weniweni Anali Ndani?

Muli bwanji abale anga, takulandiraninso! Lero tikupita ku Britain, koma za mpira tazisiya kaye. Tikukamba za malole. ERF, Foden, Atkinson, Scammell, Bedford, Leyland. Ngati munakulira m'mbali mwa msewu waukulu, ena mwa mayinawa munawawerengapo pachipumi pa lole musanadziwe n'komwe kuti Britain ili mbali iti.

Kumeneko kuli madoda a imvi amene amathera ndalama za penshoni pa lole yakale. Amaikonza, kuipenta mtundu wa kampani imene inatha kalekale, n'kuiyendetsa mpaka ku chionetsero ku Gaydon kuti anzawo akaione. Akusowa chiyani anthu amenewa? Ndili ndi mfundo zisanu. Koma musachoke tisanafike pa yachinayi, chifukwa pamenepo pali bodza limene landitopetsa, ndipo lero ndithana nalo.

Yoyamba, mbiri yake mothamanga.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma la Labour linakhazikitsa lamulo mu 1947 lotenga makampani onyamula katundu mtunda wautali. Mu 1948 kunabadwa British Road Services, BRS, bungwe la boma loyendetsa malolewo. Mu 1953 boma la Conservative linayamba kugulitsanso malole ambiri kwa anthu wamba, ndipo makampani a pabanja anaphukanso: Suttons ku St Helens, Robson's ku Carlisle, Pollock ku Musselburgh ku Scotland. Aliyense ndi mtundu wake wa penti, dzina la banja lolembedwa ndi dzanja pachitseko. Ndipo dziwani kuti kufikira 1957, lole yolemera inkaloledwa kuthamanga mamailosi 20 okha pa ola, makilomita 32. Basi, tapita.

Yachiwiri, amene ankapanga malolewo.

[Chithunzi: Foden ndi ERF zaimikidwa pamodzi]

Ziwirizi ndi za banja limodzi, tawuni imodzi, Sandbach ku Cheshire. Foden inatchuka ndi malole oyendera malasha ndi nthunzi. Edwin Richard Foden, mwana wa mwini wake, ankakhulupirira kuti tsogolo lili pa dizilo. Sanamvane ndi akuluakulu a kampani, anachoka, ndipo mu 1933 iye ndi mwana wake Dennis anayamba kupanga malole awoawo. Zilembo zitatu zija, E, R, F, ndi dzina la mkulu ameneyo.

Koma mtima wa malole ambiri a nthawi imeneyo unali injini ya Gardner, yopangidwa ku Patricroft pafupi ndi Manchester. Gardner 150, Gardner 180, kenako 240 ya masilinda 8 imene inkatulukira kumbuyo kwa kabini chifukwa cha kutalika. Eni malole ankaikonda zedi: simwa mafuta ambiri, siifa msanga. Madalaivala? Nkhani ina. Injini ya mphamvu ya mahachi 180 okha kukoka matani 32 pamtunda, mungoganiza. Ndipo m'mawa wachisanu ukailiza Gardner, utsi woyera unkadzaza bwalo lonse mpaka mnzako osamuona.

Yachitatu, ndipo iyi ndimaikonda, ntchito ya dalaivala mwini wake.

Tiyeni tikwere mu Atkinson Borderer, ija ya chilembo chachikulu cha A kutsogolo. Kabini yake ndi ya fayiba yokhomedwa pa mafelemu a matabwa. Injini ili pakati, pambali pa mwendo wako, ikubangula, moti madalaivala ankaifunditsa bulangete lakale kuti makutu apumeko. Giya siilowa mwaulemu: uponde kilatchi, utulutse, uponde mafuta, upondenso kilatchi, ulowetse. Ukaphonya pang'ono, msewu wonse umva kukukuta kwa mano a giya. Bedi mulibe. Usiku umakagona ku nyumba zogonamo madalaivala, kapena kuyala thabwa pamipando.

Katundu ankamanga pa thirela yopanda mpanda. Kuyala tenti yolemera, yonyowa, mphepo ikukukankha pamwamba pa katundu, kenako kukoka chingwe ndi mfundo yapadera imene amaitcha dolly knot, mpaka tenti ithine bwinobwino popanda khwinya. Dalaivala ankadziwika ndi kamangidwe kake. Anzake akangoona katundu wake akudutsa, ankadziwiratu ngati ndi katswiri kapena wophunzira.

Ndiye pali Shap. Msewu wa A6 wopita ku Scotland unkakwera phiri limeneli, ndipo nyengo ya chisanu malole ankatsekeredwa pamenepo ndi chipale. Pafupi pake panali malo odyera otchuka, Jungle Café. Msewu wa M6 utatsegulidwa chigawo chimenecho mu 1970, zonsezo zinazilala. Lero pamwamba pa Shap pali mwala wa chikumbutso wolemekeza madalaivalawo, komanso anthu a m'deralo amene ankawapatsa chakudya ndi pogona. Akuluakulu oyendetsa mathiraki a ku Beira ndi ku Dar es Salaam amene mukuonera, ndikudziwa kuti apa mukumva bwino kuposa tonsefe.

Tisanapitirire, ngati mwafika pano ndipo simunapange subscribe, dinani tsopano, dinaninso kabelu. Ambiri mumaonera koma osadina, ndimaziona! Ndipo vidiyo yathu ya injini za Cummins ili pamwambapa, mukaionere tikamaliza.

Yachinayi. Khalani pansi.

[Chithunzi: lole yobiriwira, yofiira ndi yoyera ya Eddie Stobart]

Aliyense amene anakhalapo ku Britain, abale athu a ku Manchester, ku Leeds, ku Nottingham, lole imeneyi mukuidziwa. Ndipo nkhani imene anthu amafotokoza ndi iyi: panali dalaivala wina dzina lake Eddie Stobart, anayamba ndi lole imodzi, n'kumanga kampani yaikulu, ndipo ndi iyeyo amene anayambitsa zopatsa malole mayina. Ndimaziwerenga mu ndemanga, ndimaziona pa Facebook. Ayi ndithu! Si zoona, ndipo zimandipweteka chifukwa zimamulanda ulemu munthu amene anagwira ntchitoyo.

Tiyeni tilekanitse anthu awiri. Eddie Stobart, bambo, anabadwa mu 1929. Ntchito yake inali ya ulimi, kumudzi wa Hesket Newmarket ku Cumbria. Ankagwira maganyu a makina m'minda ya anthu, kugulitsa ndi kumwaza feteleza, kenako n'kukhala ndi shopu ya zaulimi. Anali mkhristu wolimba, mlaliki wa Methodist. Malole anali nawo, inde, koma ngati chida chothandizira bizinesi ya feteleza. Kampani inalembetsedwa m'dzina lake mu 1970, ndiye dzinalo linakhala pachitseko.

Amene anapenga ndi malole anali mwana wake, Edward, wobadwa mu 1954. Mnyamata wachibwibwi, wamanyazi, amene sukulu anaisiya ali ndi zaka 15. Mu 1976 Edward anatenga mbali ya zonyamula katundu n'kusamuka nayo kupita ku Carlisle, ali ndi malole 8 ndi antchito 12. Mumve bwino: malole 8. Pofika cha m'ma 2000 anali pafupifupi 1,000.

Anachita bwanji? Apa ndi pamene ndimamugomera. Nthawi imeneyo anthu ankaona dalaivala wa lole ngati munthu wauve, wamwano, wa malaya a girisi. Edward anakana zimenezo. Lole iliyonse itsukidwe, iziwala. Dalaivala avale shati ya kolala ndi taye. Taye, abale anga, mu lole! Anzawo a makampani ena ankawaseka, koma eni mafakitale ndi masitolo akuluakulu ankaona kusiyana kwake lole ikafika pageti. Ndipo analamula kuti munthu akakubayibitsa pamsewu, nawenso umubayibitse, ulize hutala. Mwana amene wakhala kumbuyo m'galimoto ya bambo ake, wakweza dzanja, lole yaikulu yamuyankha. Mwana ameneyo sadzaiwala. Anthu anayamba kulemba mayina a malole amene awaona m'kabuku, kalabu ya okonda Stobart inafika pa anthu zikwizikwi, tizidole ta malolewo tikugulidwa ngati zitumbuwa zotentha. Zonsezi ndi mutu wa Edward. Bambo ake sankafuna n'komwe kutchuka.

Tsopano za mayina. N'zoona kuti lole iliyonse ya Stobart inkapatsidwa dzina la mkazi, ndipo zoyamba zinali Twiggy, Tammy, Dolly ndi Suzi, kutengera akazi otchuka a nthawiyo. Koma kuyambitsa? Ayi! M'tawuni yomweyo ya Carlisle, Robson's inali itayamba kalekale kutcha malole ake mayina, lililonse loyamba ndi mawu akuti Border. Ma Foden a Robson's ankadutsa m'misewu yomweyo Edward akukula. Ku Scotland, Pollock nayo inali ndi mayina pa malole ake, pamodzi ndi penti ya nsalu ya tartan. Ndiye mukamati Stobart ndiye anayambitsa, mukufufuta madoda amene anakwera Shap ndi Gardner Edward ali m'matewera. Chimene Edward anachita n'kutenga mwambo wakale wa kumpoto n'kuufikitsa kwa anthu wamba amene analibe nazo ntchito za malole. Chimenecho n'chachikulu kale, sichifunika kuthiridwa mchere wabodza.

Ndipo pali china chimene ena safuna kumva. Kampani imene anthu amaitenga ngati chizindikiro cha malole a ku Britain, pa zaka zimene inatchuka kwambiri pa TV, malole ake ambiri anali Scania ndi Volvo. A ku Sweden. Lembani mu ndemanga ngati mukutsutsa, koma kaoneni kaye zithunzi.

Mapeto a Edward ndi omvetsa chisoni. Mu 2004 kampani ili pamavuto a ndalama, anaigulitsa kwa mng'ono wake William ndi Andrew Tinkler. Bizinesi ina imene analowamo inagwa, iye n'kutsala ndi ngongole zimene analephera kubweza. Anamwalira mu March 2011 ali ndi zaka 56 zokha. Tsiku la maliro, malole a Stobart anatsagana naye ku Carlisle. Anthu ambiri atamva uthengawo ankati Eddie Stobart wamwalira. Koma Eddie, bambo ake, anali moyo. Anaika mwana wake m'manda, n'kukhalanso zaka zina 13, mpaka November 2024 pamene anatisiya ali ndi zaka 95. Ndiye chonde, kuyambira lero, mukaona lole yobiriwira ija, dzina loti mulikumbukire ndi Edward. Kampaniyo tsopano ili m'manja mwa Culina Group kuyambira 2021.

Ndalankhula kwambiri pamenepa, koma zimafunika.

Yachisanu, nanga opanga malole aja anatha bwanji?

Mu 1967 Volvo inayamba kulowa mu Britain kudzera ku Scotland. Dalaivala amene anazolowera bulangete pa injini anakwera mu Volvo F88: bedi kumbuyo, chotenthetsa chogwira ntchito, chiwongolero chofewa, injini ya turbo, phokoso lochepa. Mukuganiza kuti anafunanso kubwerera? Misewu ikuluikulu inali itatsegulidwa, maulendo a ku Ulaya ndi ku Middle East akuchuluka, ndipo a ku Britain anachedwa kusintha. Ine ndimawakonda malole amenewa, koma mlandu wake sindiupereka kwa a ku Sweden. Amene ankapanga lole ankamvera bwana wogula, osamvera munthu amene ankakhala m'kabini sabata yonse.

Kenako zinangotsatizana. Foden inagulidwa ndi PACCAR ya ku America mu 1980, ndipo yomaliza inatuluka mu 2006. Bedford inasiya malole akuluakulu mu 1986. Leyland inaphatikizana ndi DAF mu 1987. Fakitale ya Scammell ku Watford inatsekedwa mu 1988. ERF inagulidwa ndi MAN mu 2000, dzinalo n'kutha mu 2007. Ku Leyland fakitale ikadalipo, koma zotuluka m'menemo zimalembedwa DAF.

Koma tamverani izi. Chifukwa choti ifenso timayendetsa kumanzere, ma ERF ambiri atatopa ndi ntchito ku Britain anakwera sitima kubwera kuno. Ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe, ERF EC ya injini ya Cummins yanyamula fodya, simenti, feteleza, chimanga. Imene kwawo aiika mu shedi n'kumaipukuta ndi kansalu, kuno ikudyetsa banja. Amakanika athu a ku Kanengo ndi ku Ndirande amaidziwa mkati ndi kunja, bawuti iliyonse.

Ndiye ndikupempheni. Ngati muli ndi ERF, Foden kapena Bedford imene ikuyendabe, ijambuleni, makamaka chitseko. Nthawi zina pansi pa penti yatsopano mumaonekabe zilembo za kampani yakale ya ku Britain, ndipo ndikufuna tizifufuze limodzi kuti lole yanuyo inachokera bwalo liti. Tumizani zithunzizo, ndipo tiuzeni mu ndemanga injini imene ili m'menemo. Sabata yamawa tili pa Bedford ya mphuno ija, imene agogo athu ankakwera popita ku msika wa fodya. Dinani like, tumizirani dalaivala amene mukumudziwa, tionana Lachisanu.