Mabuku a Eragon: mlembi anaika lamulo la matsenga, kenako n'kumalizemba yekha

[Pa sikirini: zikuto za mabuku anayi]

Moni nonse. Lero tikusanthula mabuku a Christopher Paolini otchedwa The Inheritance Cycle: Eragon, limene kampani ya Knopf inatulutsa mu 2003, Eldest la 2005, Brisingr la 2008, ndi Inheritance la 2011. Tiulula mathero, ndiye amene simunawerenge mwamva.

Paolini anayamba kulemba ali ndi zaka 15 kwawo ku Montana, ndipo banja lake ndi limene linayamba kusindikiza bukuli mu 2002. Nkhani yake ndi ya Eragon, mnyamata wa m'mudzi wa Carvahall, amene anatola mwala wabuluu m'mapiri. Mwalawo unali dzira, ndipo munatuluka chinjoka chachikazi, Saphira. Atumiki a mfumu Galbatorix atabwera kudzafuna dziralo, anapha Garrow, malume ake a Eragon.

[Pa sikirini: mapu a Alagaësia, dziko la m'nkhaniyi]

Mphamvu ya mabukuwa ili pa malamulo a matsenga. Matsenga amayenda ndi chiyankhulo chakale chimene munthu sanganame nacho. Chilichonse chimene wamatsenga wachita chimamudyera mphamvu zofanana ndi zimene akanataya pochichita ndi manja, ndipo chinthucho chikakhala patali, mtengo umakwera. Akapitirira muyezo, amafa.

Onani mmene lamuloli limagwirira ntchito. Asanawoloke chipululu cha Hadarac, Eragon anayesa kusandutsa dothi kukhala madzi. Anapeza timadontho tochepa, koma mphamvu zinamuthera moopsa. Kenako anazindikira kuti pansi pa nthaka madzi alipo kale, chofunika n'kuwakokera pamwamba basi. Apa wowerenga amaganiza limodzi ndi mnyamatayo, ndipo yankho likapezeka palibe chinyengo. N'chimodzimodzi ndi nkhani ya kamwana kotchedwa Elva. Eragon pokadalitsa anaphonya galamala, mdalitso n'kusanduka temberero: m'malo motetezedwa ku mavuto, Elva anakhala chishango cha ena, womva ululu wa aliyense womuzungulira. Cholakwa chimenechi chimamutsata Eragon mpaka buku lomaliza.

Saphira nayenso analembedwa bwino. Amayankhulana ndi Eragon m'maganizo, ndi wonyada, wokonda kutamandidwa, ndipo amamudzudzula akachita zachibwana. Ulendo woyamba kuuluka, Eragon anakwera popanda chishalo, mamba n'kumusenda khungu la m'ntchafu, mpaka Brom, nkhalamba imene inkamuphunzitsa, anachita kumusokera chishalo chachikopa. Tinthu ngati timeneti ndi timene timachititsa kuti chinjoka chimveke chamoyo.

Koma vuto likubwera pa lamulo lomwe lija. Kumapeto kwa buku loyamba, Durza, wamatsenga wotumikira Galbatorix, anatema Eragon pamsana, ndipo mu Eldest balalo linkamugwetsa pansi ndi ululu nthawi iliyonse. Munthu unkati tsopano tiona ngwazi yophunzira kumenya nkhondo ili ndi chilema. Ayi ndithu. Pa chikondwerero cha ma elf (mtundu wa anthu a m'nthano odziwa matsenga) mumzinda wawo wa Ellesméra, matsenga a zinjoka anamuchiritsa usiku umodzi, n'kumupatsanso liwiro ndi nyonga za ma elf. Sanavutikire chilichonse.

Kuyambira pamenepo ngongole ya matsenga amamulipirira ndi ena. Analandira lamba wa miyala 12 ya dayamondi yosungiramo mphamvu. Mphete ya Brom inapezeka kuti ndi nkhokwe ya mphamvu za zaka zambiri. M'buku lachinayi, pa chilumba cha Vroengard, anapeza Eldunarí, miyala yosunga moyo ndi mphamvu za zinjoka zakale, itabisidwa pamodzi ndi mazira. Zili ngati wosewera bawo amene mbewu zikamuthera amatapa zina m'thumba. Lamulo silinafufutidwe, koma linasiya kuluma.

N'chifukwa chake ambiri amakonda mitu ya Roran, msuweni wake wa Eragon. Alibe matsenga, alibe chinjoka, ali ndi nyundo yokha. Mu Eldest anatsogolera mudzi wonse kudutsa mapiri a Spine, n'kulanda sitima ku doko la Teirm. Komabe mu Brisingr mlembi anamukokomeza: Roran anapha asilikali oposa 190 pa nkhondo imodzi, ataima pa mulu wa mitembo.

Za kubwereka nkhani kwa ena tingodutsa, chifukwa zinanenedwa kale mokwanira. Mnyamata wa pafamu woleredwa ndi malume, nkhalamba ya gulu la ankhondo limene linatheratu, mwana wamkazi wa mfumu woti apulumutsidwe: amene munaonera Star Wars mwazindikira. Ma elf ndi ma dwarf (anthu afupiafupi okhala m'mapiri) ndi a Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings. Chokhacho, ma Urgal amene poyamba anali zilombo chabe, kutsogoloku anapatsidwa miyambo, mabanja ndi zifukwa zawo.

Kutalika nako kulipo. Paolini anakonza mabuku atatu, lachitatu linakula mpaka kuligawa pawiri, ndipo zimaonekera. Masankho a mfumu ya ma dwarf mu Brisingr amatenga mitu yambiri nkhondo itaima. Filimu ya 2006, mmene Jeremy Irons anasewera Brom, inalakwitsa mbali inayo: inadula zambiri, ndipo yachiwiri sinapangidwe.

[Pa sikirini: chikuto cha Inheritance]

Nanga Galbatorix? Mabuku atatu onse timangomumva dzina, amaonekera kumapeto kwa lachinayi. Anali atapeza dzina lenileni la chiyankhulo chakale, moti ankatha kuzimitsa matsenga alionse oyankhulidwa. Eragon anamugonjetsa ndi matsenga opanda mawu, omuchititsa kumva ululu wonse umene anadzetsa kwa anthu, mpaka mfumuyo inadziphulitsa yokha. Ganizoli ndi lanzeru, chifukwa likutuluka m'malamulo amene Oromis, mphunzitsi wake wa kwa ma elf, anaphunzitsa Eragon mu Eldest, akuti matsenga amatheka popanda mawu ngakhale kuti n'zoopsa. Koma mphamvu zokankhira matsengawo zinachokeranso kwa Eldunarí aja, amene anangopezeka m'buku lomwelo.